Bambo ali ndi matenda a m'mapapo, tsopano ayamba kuiwalaiwala: kodi n'zogwirizana?

Funso: "Bambo anga ali ndi zaka 68. Ali mnyamata anagwirako ntchito ku migodi ya golide ku Joni, anasuta fodya zaka zambiri, ndipo anadwalapo TB kawiri. Zaka zinayi zapitazo kuchipatala anatiuza kuti ali ndi matenda okhalitsa a m'mapapo otchedwa COPD. Phuma ndi chifuwa tinazolowera. Chatidabwitsa n'choti chaka chino ayamba kuiwalaiwala. Amasokoneza mankhwala, chenji cha pa okala chikuwavuta pomwe kale ankawerengera pamtima, masana amangosinza, m'mawa amadandaula mutu. Azakhali akuti ndi ukalamba, ena akuti pali dzanja la munthu. Kodi mapapo angawononge nzeru? Nanga zingabwererenso?" Mayi wa ku Balaka.

Yankho: Inde mayi, mapapo akadwala nthawi yaitali ubongo nawo umakhudzidwa, ndipo zimene mwalembazi madokotala a chifuwa amazidziwa bwino. Koma pali zinthu ziwiri m'kalata mwanu zimene sindikufuna zidikire: kusinza masana ndi mutu wa m'mawa. Ziwirizi zikabwera pamodzi mwa munthu wa COPD, timayamba takayikira kuti mpweya woipa umene timatulutsa popuma, kaboni dayokisaidi, ukuunjikana m'magazi usiku. Aliyense akagona amapuma mosazama. Wa mapapo abwino sizimuvuta, koma wa mapapo owonongeka amalephera kutulutsa mpweyawo wonse. Ukachuluka umafutukula mitsempha ya magazi ya m'mutu, n'chifukwa chake mutu umawawa podzuka n'kumapepuka dzuwa likakwera, ndipo umam'gonetsa munthu ali pakati pocheza. Pitani nawo ku chipatala cha boma sabata ino, musadikire tsiku lawo la kiliniki. Lero lomwe mungayese ichi: atambasulire manja kutsogolo, zikhatho zitaimirira ngati akuimitsa minibasi, akhale choncho kwa theka la mphindi. Mukaona zikhatho zikugwa n'kudzuka mwadzidzidzi, mobwerezabwereza, ulendo wa kuchipatala ukhale wa lero.

Musiyanitsenso mitundu iwiri ya kusokonezeka. Wina umabwera m'maola kapena m'masiku ochepa: dzulo anali bwino, lero sakudziwa kumene ali, akuona zinthu zomwe palibe, usiku akufuna kutuluka, kapena angoti zii osadzutsika bwino. Umenewo si matenda oiwala a ukalamba. Ndi thupi limene ladwala mwadzidzidzi, ndipo mwa munthu wa mapapo otere nthawi zambiri chimakhala chibayo kapena COPD yomwe yabuka. Malungo, matenda a m'njira ya mkodzo, shuga wotsika kapena wokwera kwambiri, sitiroko ndi TB yolowa m'mutu nazo zimachita zomwezo. Munthu wotero amafunika chipatala tsiku lomwelo, ndipo ambiri nzeru zimabwerera choyambitsacho chikachizidwa. Apa ndi pamene nkhani ya dzanja la munthu imandidetsa nkhawa. Agogo opezeka usiku pakhomo pa eni, osadziwa kuti afika bwanji, m'midzi mwathu amatchulidwa mfiti, ena mpaka kumenyedwa, chonsecho m'magazi mwawo mwangochepa mpweya. Kupemphera sindiletsa, koma pempherani muli pa benchi ya kuchipatala.

Mtundu wachiwiri ndi wa bambo anuwa, wobwera pang'onopang'ono m'miyezi. Ubongo ndi kachiwalo kolemera magawo awiri okha pa 100 a thupi lonse, koma umadya pafupifupi magawo 20 pa 100 a okosijeni yense, mpweya wabwino uja, amene timapuma, ndipo ulibe posungira wa mawa. Mapapo akamaupatsa wopereweza tsiku ndi tsiku, makamaka usiku ndi poyenda, umagwira ntchito mofooka. Izi zinaonekera kale m'zaka za m'ma 1980. Kafukufuku wa Igor Grant ndi anzake, amene anatuluka mu 1987, anapeza kuti mwa odwala COPD amene okosijeni wawo anali wotsika pang'ono, 27 pa 100 alionse anali ndi vuto la kaganizidwe, pomwe mwa amene anali wotsika kwambiri anali 61 pa 100 alionse. Mu 2017, akatswiri ataphatikiza kafukufuku wa m'mayiko angapo, anapeza kuti pafupifupi wodwala COPD mmodzi mwa atatu alionse ali ndi vutoli pa mlingo wina wake. Ndiye bambo anu sali okha ayi.

Komabe okosijeni si nkhani yonse, chifukwa vutoli limapezekanso mwa odwala amene okosijeni wawo ali bwino. Fodya amene anawononga mapapo ndi yemweyo anawononga timitsempha ting'onoting'ono ta magazi ta mu ubongo. Kutupa kwa m'mapapo kumene sikutha kumatumiza zinthu zake m'magazi mpaka kukafika kumutu. Onjezanipo tulo todukizadukiza chifukwa cha chifuwa, kukhala pansi tsiku lonse poopa phuma, BP ngati ilipo, ndi kukhumudwa kwa mwamuna amene kale ankalima ekala koma lero akupumira panjira popita kuchimbudzi. Chilichonse chimachotsapo pang'ono.

Chenji cha pa okala chija chandiuza zambiri. Kafukufuku wa a Mayo Clinic ku Minnesota, wa mu 2014, anatsatira okalamba kwa zaka zingapo ndipo anapeza kuti COPD imakweza kwambiri chiopsezo cha mtundu wa vuto umene sukhudza kwenikweni kukumbukira, koma kutchera khutu, kuganiza mwachangu ndi kutsata ndondomeko ya zinthu zingapo. Chiopsezocho chinali chachikulu mwa amene anakhala ndi matendawa zaka zoposa zisanu. Munthu wa matenda oiwala a ukalamba otchedwa Alzheimer's amaiwala kuti munabwera dzulo, mukamukumbutsa amakana, ndipo funso limodzi amafunsa kasanu. Wa mapapo nthawi zambiri mukamukumbutsa amati "eya, zoona", koma mum'patse kasitomala wogula sopo, mchere ndi mafuta n'kupereka K10,000, wina akumulankhula pambali, mutu umaima. Amachedwa, amataya pomwe anali, amapsa mtima. Kusiyanaku sikuti n'kodula ngati mzere, ndipo munthu wa zaka 68 akhoza kukhala ndi zonse ziwiri, koma kumatithandiza kudziwa poyambira.

Pa bambo anu mapapo anamenyedwa katatu: fodya, TB ndi fumbi la mumgodi. TB ikachira imasiya zipsera. Kafukufuku wa ku Blantyre amene anatuluka mu 2020 anapeza kuti mwa anthu omaliza mankhwala a TB, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse mapapo ake sankakoka ndi kutulutsa mpweya mokwanira, ndipo oposa 40 pa 100 alionse anali ndi timapaipi ta mpweya tofutukuka mowonongeka. Fumbi la miyala ya golide nalo limaumitsa mapapo patapita zaka zambiri munthu atachoka kumgodi, matenda otchedwa silicosis, ndipo limam'chititsa kudwala TB mobwereza. Muwauze adokotala za kumgodiko, chifukwa ambiri safunsa, ndipo mupemphe X-ray ndi kuyezanso makhololo. Ndingotchulako pambali: bungwe la Tshiamiso Trust la ku South Africa limapereka chipukuta misozi kwa amene anadwala silicosis kapena TB atagwira ntchito m'migodi ya golide ya makampani ena pakati pa 1965 ndi 2019. Ngati mapepala a TEBA, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za kumigodi, alipo, musawataye. Owerenga ena amene odwala awo ndi amayi osasutapo n'kamodzi komwe adziwe kuti utsi wa nkhuni ndi makala wa m'khitchini yopanda mawindo, zaka 40, umabweretsa COPD yomweyi.

Tsopano pamene ndikufuna mutchere khutu kwambiri ndi pa mankhwala. Mwati amawasokoneza. Kwa ine ili ndiye vuto lalikulu kuposa chenji, chifukwa ndi pamene mutu ndi mapapo zimagwetsana. Kupopera inhela, kachipangizo kokokera mankhwala m'mapapo, moyenera kuli ndi masitepe ambiri: kuchotsa chivindikiro, kukhutchumula, kutulutsa mpweya wonse, kutseka milomo, kudina nthawi yomweyo pamene wayamba kukoka mpweya pang'onopang'ono, kuugwira masekondi khumi, kudikira, n'kubwerezanso. Imeneyi ndi ntchito ya mbali yomweyo ya ubongo imene COPD imafooketsa. Madokotala a okalamba ku Britain anaona kale kuti munthu amene akulephera kukopera chithunzi chophweka cha mizere yolowana amalepheranso kugwiritsa ntchito inhela wamba, ngakhale mutamuphunzitsa kangati. Ndiye mankhwala amathera pa lilime, mapapo amabuka, munthu amagonekedwa, ndipo kugonekedwako kumatsitsanso nzeru. Ku London mu 2013 anayeza odwala COPD ogonekedwa matenda atabuka: oposa theka anali ndi vuto la kaganizidwe, ndipo atawayezanso patatha miyezi itatu sanapeze kusintha. Kubuka kulikonse kumene mungapewe ndiye kuti mwatetezanso ubongo.

Choncho musawafunse kuti "mwamwa mankhwala?" chifukwa adzati eya, ndipo sakunama, akukhulupirira choncho. Khalani pompo muone akupopera. Pakhale munthu mmodzi wodziwika pakhomo amene mankhwala ali m'manja mwake, osati lero uyu mawa uyo. Nthawi ya mankhwala imangiriridwe ku zinthu zosaiwalika, monga phala la m'mawa ndi nsima ya madzulo, ndipo pa kalendala pazichongedwa. Pemphani spacer, kabotolo kamene kamalumikizidwa ku inhela kuti munthu asavutike kufananiza kudina ndi kukoka mpweya. Wina amadina, iwo n'kungopuma bwinobwino kanayi kapena kasanu. Ikasowa, botolo la pulasitiki la 500 ml loboola kunsi limagwira ntchito. Madokotala a ku Cape Town anaonetsa mu 1999 kuti mwa ana a mphumu limathandiza mofanana ndi spacer yogula, ndipo anamwino ambiri amadziwa kapangidwe kake. Akakusonyezeni. Funsaninso adokotala ngati mankhwala ena angachotsedwe kapena kusinthidwa kuti azimwedwa kamodzi patsiku. Bambo mwina adzakana poyamba, poti akulu safuna kuyang'aniridwa ndi ana awo. Muwauze kuti ndi adokotala alamula. Ambiri amavomera akamva choncho.

Popita kuchipatala mutenge m'jumbo mankhwala onse a m'nyumba, ogula pa golosale ndi azitsamba omwe, pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala. Ena mwa mankhwala amene odwala chifuwa amamwa kawirikawiri ndi omwe amaphimba mutu. Piriton ndi mankhwala amadzi a chifuwa okhala ndi codeine amagonetsa ndi kusokoneza okalamba. Diazepam, amene ena amapatsidwa kuti agone, ndi woopsa kwa munthu amene akusunga mpweya woipa, chifukwa amachepetsanso kupuma. Amitriptyline amaiwalitsa. Prednisolone ndi wofunika matenda akabuka, kwa masiku asanu okha nthawi zambiri, koma womwa miyezi amasowetsa tulo, amasintha khalidwe ndiponso amakweza shuga. Aminophylline akachuluka m'magazi amanjenjemeretsa ndi kubalalitsa. Amene akumwa isoniazid, kaya pochiza kapena popewa TB, ngati chakudya chawo ndi nsima yokhayokha yopanda nsinjiro, nyemba kapena nsomba, akhoza kudwala pellagra: khungu lakuda lokakala m'khosi ndi m'manja mofika dzuwa, kutsegula m'mimba ndi kusokonezeka mutu. Matendawa anaonekera kuno ku Malawi pamene isoniazid anayamba kuperekedwa kwa anthu ambiri, ndipo amachizika. Musasiyitse mankhwala alionse panokha. Muwaonetse adokotala asankhe. Ndipo ngati bambo amalawako kachasu kapena mowa wina, munene, ngakhale iwo atachita manyazi.

Kumeneko adzawapana kachipangizo pachala koyeza okosijeni. Wa mapapo abwino amaonetsa 95 kupita m'mwamba. Pemphani kuti ayezedwe atakhala pansi, kenako ayezedwenso atayenda mphindi zingapo, chifukwa ambiri amatsika poyenda pokha. Chala chikhale chofunda. Dziwaninso kuti kachipangizoka kamakonda kuonetsa nambala yokwererapo pa khungu lakuda. Ku Michigan mu 2020 anapeza kuti odwala akuda amene kachipangizoka kankati ali bwino, koma magazi n'kuonetsa kuti okosijeni watsikiratu, anali ochuluka pafupifupi katatu kuposa azungu. Ndiye 92 kapena 93 mwa bambo amene akusinza ndi kubanika isatitonthoze. Kachipangizoka sikaona n'komwe mpweya woipa uja. Umenewo umayezedwa m'magazi otengedwa pa mtsempha wa padzanja, ndipo zimenezo zimachitika m'zipatala zikuluzikulu. Ngati adokotala akukayikira, akutumizeni. Kupatula apo ayezedwe kuchuluka kwa magazi, shuga, BP, HIV ndi chindoko, chifukwa zonsezi zimafooketsa ubongo ndipo zonse zili ndi mankhwala. Makutu ndi maso aonedwenso. Agogo ambiri otchedwa oiwala amakhala kuti sanamve.

Kuyeza nzeru kwenikweniko ndi mafunso a mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Otchuka ndi MoCA, ochokera ku Montreal, a mapointi 30, ndipo amagwira bwino vuto la ndondomeko lija kuposa mayeso akale a MMSE. Vuto lake n'loti amapondereza amene sanapite patali ndi sukulu: munthu wosagwirapo pensulo mukamuuza kuti ajambule wotchi mwamulakwira. Ku Hai, ku Tanzania, anakonza mayeso otchedwa IDEA, ogwiritsa ntchito zinthu monga kutchula mayina a nyama ndi kuyala timitengo ta machesi, kuti osaphunzira asagwe chifukwa cha sukulu. Mayeso alionse achitike bambo ali bwino, osati ali pa bedi ndi chibayo, ndipo zimene inu a pakhomo mwaona zimalemera kuposa mapointi. Adokotala awafunsenso za mumtima. Kukhumudwa mwa abambo achikulire sikuoneka ndi misozi. Kumaoneka ndi kusiya wailesi, kusiya bawo, kusafuna alendo, ndi kuyankha "kaya" pa chilichonse. Kumafanana kwambiri ndi kuiwala, ndipo kumachizika.

Achibale a kunja akamva nkhaniyi, chinthu choyamba adzati tigule makina a okosijeni. Dikirani kaye. Kafukufuku wa ku America ndi Canada wa mu 1980 ndi wa ku Britain wa mu 1981 anaonetsa kuti okosijeni wa kunyumba, maola 15 kapena kuposa patsiku, amatalikitsa moyo wa odwala amene okosijeni wawo ndi wotsikitsitsa, cha pa 88 kutsika m'munsi ali chikhalire, ndipo kaganizidwe kawo kanasinthako pang'ono. Koma kafukufuku wina wamkulu wa mu 2016 anapeza kuti kwa amene watsika pang'ono chabe, makinawa sawonjezera moyo kapena kuchepetsa kugonekedwa. Choopsa n'choti kwa munthu amene akusunga mpweya woipa, okosijeni wochuluka amauwonjezera mpweya woipawo mpaka kukomoka. N'chifukwa chake kwa odwala COPD timafuna nambala ikhale pakati pa 88 ndi 92, osati 100. Mlingo aike ndi adokotala, ndipo pasapezeke wokweza kabatani poona kuti madala akubanika. Muganizirenso za magetsi akazima, komanso kuti okosijeni sayandikana ndi mbaula, kandulo kapena ndudu.

Nanga zingabwerere? Gawo lina inde, gawo lina ayi. Chimene chabwera ndi mpweya woipa, mankhwala ogonetsa, kuchepa magazi, kukhumudwa, kusowa tulo kapena matenda ena obisala chimabwerera, nthawi zina modabwitsa, m'masabata ochepa. Chimene chabwera ndi kuwonongeka kwa timitsempha ta mu ubongo sichibwerera, ndipo pamenepo cholinga ndi kuti chisapitirire msanga. Mapiritsi "a ubongo" ogulitsidwa m'mafamase ndi pa WhatsApp musatayirepo ndalama. Ngakhale mankhwala enieni a Alzheimer's sanapangidwire vuto limeneli.

Chimene chili ndi umboni wabwino ndi chotchipa koma chovuta kuchita: kuyenda. Wodwala phuma amaopa kuyenda, miyendo imafooka, miyendo yofooka imafuna mpweya wochuluka, phuma limakula. Ayambe ndi mphindi zisanu kawiri patsiku pamalo a fulati, wina ali pambali, n'kumawonjezera pang'ono sabata iliyonse mpaka afike mphindi 20 kapena 30. Abanike pang'ono koma azitha kulankhula. Kudzuka ndi kukhala pa mpando kakhumi kumalimbitsa ntchafu. Phuma likawagwira akoke mpweya ndi mphuno, autulutse pang'onopang'ono milomo ataisongola. A fiziyo pa chipatala cha boma angawakonzere ndondomeko yoyenera thupi lawo. Fodya ngati akadasuta, kaya ndudu kaya chingambwe, asiyiretu. Pa zaka 68 phindu lilipobe. Asamakhale m'khitchini pophika kapena kuothera moto m'nyumba yotseka miyezi yozizira. Adye mokwanira, chifukwa odwala COPD ambiri amaonda, ndipo kudya pang'ono kangapo patsiku kumabanikitsa pang'ono kusiyana ndi mbale imodzi yodzaza.

Pa okala musawachotsepo. Munthu akalandidwa ntchito yake n'kukhazikidwa pakhonde, nzeru zimatsika msanga. Akhalepo ndi mdzukulu wogwira ndalama, iwo azilandira makasitomala ndi kupereka katundu, m'mawa mutu ukapepuka. Polankhula nawo muzinena chinthu chimodzi, mudikire, kenako china, wailesi itatsitsidwa. Nambala yachinsinsi ya ndalama za pafoni ndi mauthenga a akuba aja akuti "mwawina" muziyang'anire, chifukwa anthu otere ndi amene amaberedwa. Ngati amayendetsa galimoto kapena njinga yamoto, aime kaye mpaka kusinzaku kufufuzidwe. Nkhani za munda, nyumba ndi chuma zikambidwe panopa, iwo akutha kunena maganizo awo, achibale oyenera alipo, ndipo zilembedwe.

Gulani kope la sukulu. Muzilembamo tsiku limene asokonezeka, mmene anagonera usiku wake, mtundu wa makhololo, ndi kangati apopera inhela ya buluu, yopopera phuma likawagwira. Makhololo akasanduka achikasu kapena obiriwira, kapena phuma likakula kuposa masiku onse, pitani msanga musanafike pogonekedwa. Patatha miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi mapapo akusamalidwa bwino, abwerezenso mayeso a nzeru aja. Ngati akutsikabe, kapena ayamba kusochera panjira yodziwika, kuiwala mayina a ana awo, kulephera kudziveka, kapena kusintha khalidwe, pemphani kalata yopita kwa madokotala a ubongo ndi maganizo, ku Zomba komwe kuli pafupi nanu kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo kopelo mupite nalo.